Buku la zozunguza mutu za masiku odabwitsa: chaka chathunthu tili nalo

Mwini wake woyamba anagwa mphwayi pa 17 Febuluwale. Ndikudziwa chifukwa pensulo yake inalekezera pomwepo. Masamba onse a Januwale anawadzaza bwinobwino, manambala ake oongoka ngati a kalaliki wa kubanki. Pofika Febuluwale anayamba kudumphadumpha, lero walemba, mawa ndi mkuja ayi, ndipo pa 17 anangolemba zilembo zinayi n'kuliponya uko. Kuchokera pamenepo mpaka 31 Disembala bukuli linali loyera mbee, ngati silinagwidwepo ndi munthu. Ine ndinalipeza litagona pa chisaka m'mbali mwa msewu wa Malangalanga ku Lilongwe, pakati pa buku la unamwino ndi dikishonale yothothoka masamba, tsiku limene ndinapita kukasaka mabuku a masamu a Fomu 3.

"Limenelo ndi la maprofesa, bwana. K7,000."

"Achimwene, la maprofesa lolembamo kale?"

"Mwezi umodzi wokha, bwana. Labala ndikupatsani yaulere."

Tinagwirizana K4,500. Labalayo sanandipatse.

Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza, ndipo bukuli lakhala pathebulo lathu lodyera chaka chathunthu tsopano. Lili ndi madontho a ndiwo ndi a phula la kandulo, ndiye ndikhoza kulinena ngati munthu amene wakhala nalo, osati wongolisuzumira. Dzina la kampani imene inalisindikiza sinditchula, popeza zina zimene ndinene pano si zokoma. Komanso mabuku a mtundu uwu ochokera ku America alipo ambiri ndipo amafanana ngati mapasa. Mudzalizindikira motere: tsamba limodzi tsiku limodzi, masamba 365, mayankho kumapeto. Pamwamba pali deti ndi dzina la chikondwerero cha tsikulo, kenako mizere iwiri kapena itatu yofotokoza, m'munsi muli chozunguza mutu chogwirizana ndi tsikulo. Pena ndi crossword yaing'ono, yolemba mawu m'timabokosi chopingasa ndi chotsika, pena kusaka mawu obisika m'chigulu cha zilembo, pena zilembo zosokonezedwa zoti uzikonze, pena uthenga wobisidwa, pena sudoku, masewera odzaza manambala m'timabokosi. Ndiye pali mtundu wina umene umabwera pafupifupi kawiri pa sabata, wa kankhani kokhala ndi mfundo zingapo, koti upeze kuti ndani anachita chiyani tsiku liti.

Mtundu womalizawu ndi umene wabweza ndalama yanga. Za mawuzo zambiri zinatsala ku America, kuno kunangofika mapepala ake.

Koma ndiyambe ndi masikuwo, chifukwa ndi amene anandikopa. Ife tikati tsiku lokumbukira timanena 15 Januwale la a Chilembwe, 3 Malichi la ofera dziko, 14 Meyi la a Kamuzu, 6 Julayi la ufulu, 15 Okutobala la anakubala. Masiku olemera, okhala ndi mwazi kapena misozi kumbuyo kwake, ndipo ofesi ndi sukulu zimatsekedwa. Masiku a m'bukuli si otero. Palibe amene amajomba kuntchito chifukwa cha iwo. Pa 21 Januwale akuti ndi tsiku loyamikira agologolo. Pa 31 Januwale ndi lochita zinthu chobwerera m'mbuyo. Pa 19 Sepitembala ndi loyankhula ngati mbava za panyanja. Mayi a kunyumba kwanga atawerenga masamba angapo anangoti, "Anthu akakhuta amayamba zoterezi." Sindinawatsutse. Komabe ndaona kuti nyambo yake imagwira. Buku la masamu lopanda madeti ukhoza kulisiya mwezi wathunthu osamva kanthu, pomwe ili limakuitana, chifukwa lero likapita tsamba lake lapita nalo. Mwana wanga wachisamba, mtsikana wa Fomu 2, amatsegula m'mawa asanasambe kuti angoona kuti lero azungu apenga ndi chiyani.

Tsamba limene sindidzaliiwala ndi la 13 Ogasiti, tsiku la anthu amanzere, limene linayamba kukumbukiridwa mu 1976. Mzime wathu, mnyamata wa Sitandade 6, ndi wamanzere, ndipo agogo ake anavutika naye zaka zambiri kuti asamatapire nsima ndi dzanja limenelo. Zinangochitika kuti sabata imeneyo apongozi anga aamuna anali kwathu, atabwera ndi mbatatesi ndi nyemba za kumudzi. Magetsi anali atazima, tonse tazungulira kandulo, ndiye ndinamasulira funsolo m'Chichewa kuti aliyense amve. Maina a Chingerezi ndinawachotsa n'kusiya ntchito za anthuwo. Linali lotere.

Anthu atatu amanzere, namwino, kalipentala ndi telala, anapita kusitolo yogulitsa zipangizo za amanzere. Wina anapita Lolemba, wina Lachiwiri, wina Lachitatu. Wina anagula sizasi, wina kope, wina chotsegulira zitini. Mfundo zake ndi zitatu. Telala sanagule sizasi. Sizasi inagulidwa mawa lake namwino atapita kusitoloko. Chotsegulira zitini chinagulidwa Lachitatu. Ndani anagula chiyani, tsiku liti?

Apongozi anakana funsolo lisanathe n'komwe.

"Aphunzitsi, mwawerenga molakwa. Sizasi ndi ya telala."

"Bambo, alemba kuti telala sanagule."

"Ndiye kuti ali nayo kale kunyumba. Chabwino, pitirizani."

Anatenga zitsekerero zitatu za mabotolo kukhala anthu, njere za chimanga kukhala masiku, n'kuyamba kusuntha patebulo ngati ali pa bawo. Sanagwire pensulo. Anati telala wakanizidwa sizasi, namwino sangagule sizasi chifukwa inagulidwa iye atapita kale dzulo lake, ndiye yatsala kwa kalipentala. Sizasi singagulidwe Lolemba popeza payenera kukhala dzulo lake la namwino, singagulidwenso Lachitatu popeza tsikulo ndi la chotsegulira zitini, ndiye kalipentala ndi wa Lachiwiri, namwino wa Lolemba. Telala watsala ndi Lachitatu ndi chotsegulira zitini chake, namwino watenga kope. Anamaliza mwana wanga wa Fomu 2 akadali kujambula mizere ya tebulo lake. Munthu amene sukulu analekezera Sitandade 4 nthawi ya atsamunda. Anatsamira pampando n'kunena kuti, "Ndi mlandu wa kubwalo uwu. Umangomva amene wanama."

Ili ndi limodzi mwa mafunso apafupi. Ena ali ndi anthu asanu ndi zinthu za magulu anayi, ndipo pamenepo zitsekerero sizikwanira, pamafunika timabokosi timene bukuli limajambuliratu. Chimene chakanika umachithetha ndi X, chimene chatsimikizika umaika kadontho, ndipo kadontho kamodzi kamapha mzere wonse chopingasa ndi chotsika. Kukoma kwake n'kwakuti safuna kuti udziwe America. Kaya nkhaniyo ikukamba za agologolo kaya za ayisikilimu, ukhoza kuvula zovala zimenezo n'kuveka zako, mafupa ake amakhala omwewo. Ndakhala ndikuchita zimenezi Lachisanu lililonse ndi ana a Fomu 3 mphindi khumi zomaliza. Agologolo amasanduka mbuzi, ayisikilimu amasanduka freezes wa pageti. Chimene ndimafuna aphunzire ndi chija apongozi anapunthwa nacho poyamba: kukhulupirira zimene zalembedwa, osati zimene ukuganiza kuti ziyenera kukhala. Ana athu ambiri amalephera masamu a mawu pa MSCE chifukwa amayankha funso limene lili m'mutu mwawo, la papepala asanaliwerenge n'komwe. Ndaona atsikana awiri amene samakweza mkono m'kalasi akupambana anyamata odziwika ndi masamu, chifukwa iwo amawerenga mfundo iliyonse kawiri.

Tsiku la 14 Malichi ndiye linandipatsa phunziro lathunthu mwaulere. Amalitcha Pi Day, tsiku la pi, nambala ija umapeza ukagawa kuzungulira kwa chinthu chozungulira ndi utali wodutsa pakati pake. Analiyambitsa Larry Shaw mu 1988 ku Exploratorium, malo oonetsera za sayansi ku San Francisco, ndipo mu 2019 UNESCO inalisandutsa tsiku la masamu la dziko lonse. Ndi tsikunso limene Albert Einstein anabadwa mu 1879. Nditalemba pabolodi kuti lero ndi tsiku la pi, mnyamata wina wakumbuyo anafunsa kuti zikugwirizana bwanji, poti lero ndi 14/3. Ananena zoona. Aku America amayamba ndi mwezi polemba deti, ndiye kwa iwo ndi 3/14, kufanana ndi 3.14. Ife timayamba ndi tsiku, ndipo mwezi wa nambala 14 kulibe. Tsiku lathu la pi ndi 22 Julayi, 22/7 yemwe uja tinamuloweza ku pulayimale. Ndinawauza atenge makakyuleta. Pi weniweni amayamba 3.14159. Ukagawa 22 ndi 7 umapeza 3.14286. Kusiyana kwa 22/7 ndi pi ndi pafupifupi 0.0013, pomwe kwa 3.14 ndi pi ndi pafupifupi 0.0016. Kalasi yonse inakuwa ngati Flames yagoletsa: tsiku lathu lili pafupi ndi pi kuposa la ku America. Tinatuluka panja ndi chingwe kukayeza tayala la njinga ya alonda ndi chivindikiro cha ndowa.

Funso la m'bukulo tsiku limenelo linali la kugawana pie, chakudya chophika mu uvuni, chifukwa m'Chingerezi pi ndi pie zimamveka chimodzimodzi. Nthabwala imeneyo ndinachita kuifotokoza, ndipo nthabwala yofotokoza saseka munthu. Apa ndi pamene pali vuto la theka lonse la bukuli.

Tengani 19 Sepitembala. Tsikuli analiyambitsa anthu awiri apaubwenzi a ku Oregon, John Baur ndi Mark Summers, mu 1995, mongoseka, ndipo linatchuka mu 2002 mlembi wa nthabwala m'manyuzipepala Dave Barry atalilemba. Nthabwala yake yonse yagona pa chilembo R, chifukwa mbava za panyanja za m'mafilimu zimakuwa kuti "Arrr". Funso la tsikulo linali la mawu amene achotsedwa R aliyense, iwe ubwezeretse. Tsono mupatse zimenezo Mchewa, amene kwa iye L ndi R ndi ana a mimba imodzi. Ife kusukulu anatiphunzitsa kuti R amabwera pambuyo pa E ndi I, kwina konse ndi L, koma pakamwa palibe amene amasiyanitsa. Mzime wathu analemba "pilate" ndi mtima wonse, ndipo mlongo wake anaseka mpaka kutsamwa, kenako iyenso analemba "tleasule".

Chimenecho n'choseketsa, ndipo mwina n'chothandiza pa Chingerezi. Zina ndi zongotopetsa. Crossword ya 2 Febuluwale imafuna udziwe dzina la kanyama kotchedwa groundhog ka m'tauni ya Punxsutawney ku Pennsylvania, komwe kuyambira 1887 anthu amasonkhana kuona ngati katuluke kuuna n'kuona chithunzithunzi chake. Kakachiona, akuti chisanu chipitirira masabata ena 6. Ndi ka m'banja la agologolo, kukula kwake ngati ntchenzi, ndipo dzina lake ndi Phil. Ine zonsezi ndinachita kufufuza pa foni, bandulo yanga ikutha, kunja mvula ikukhuthuka, chimanga chikumasula. Chisanu cha mu Febuluwale n'chachilendo kwa munthu wa ku Dedza amene amadziwa kuti majuzi amatuluka mu Juni. Masamba ena amafuna maina a matimu a baseball, malikulu a zigawo za America, maina a makobidi awo monga dime ndi nickel, maswiti amene sindinawaonepo. Pamenepo nzeru sizigwira ntchito. Ukudziwa kapena sukudziwa, basi. Munthu wobadwira ku Ohio amalemba akuyasamula, iwe wa digiri uli kakasi.

Ndiye pali kalembedwe. Ife tinaphunzira Chingerezi cha ku Britain. Timabokosi tisanu, mfundo ikuti utoto, mwana akulemba "colour" ndipo chilembo chimodzi chikusowa pokhala. Bukuli likufuna "color". Chimodzimodzi "center", "gray", "donut". Makolo amene mukufuna kugulira mwana wokonzekera mayeso, chenjerani pamenepa. Wanga ndinamuuza kuti za m'bukuli zithere m'bukuli, akakalemba "color" pa JCE ndi zake. Funso lina la ndakatulo linkafuna kuti chilembo Z chimveke mofanana ndi "tree", chifukwa iwo amati "zee" pomwe ife timati "zed". Tinakhala nalo ola lathunthu tisanazindikire kuti vuto si ife.

Kusaka mawu obisika ndiye n'kongotayitsa nthawi, ngakhale mzime wathu amakukonda chifukwa sikufuna kumva tanthauzo. Masamba otere achuluka kwambiri mu Julayi ndi Ogasiti, ngati olembawo anatopa pakati pa chaka.

Masiku awiri anandikwiyitsa. Loyamba ndi 14 Januwale. Tsiku limeneli UNESCO inalikhazikitsa mu 2019 kukhala la kuganiza mwadongosolo, World Logic Day, chifukwa ndi tsiku limene Alfred Tarski anabadwa mu 1901 komanso limene Kurt Gödel anamwalira mu 1978, akatswiri awiri akuluakulu a phunziro limeneli. Buku la zozunguza mutu likanayenera kuvula chipewa pamenepo. Ilo linasankha tsiku loveka ziweto zovala. Kuveka galu malaya, anthuni.

Lachiwiri ndi 19 Novembala, tsiku la zimbudzi. Bukuli lalitenga ngati limodzi mwa masiku oseketsa, ndipo funso lake ndi la zilembo zosokonezedwa za mawu a kubafa, ndi kachithunzi ka chimbudzi chomwetulira. Koma tsikuli si nthabwala. Linachokera kwa Jack Sim wa ku Singapore, amene anayambitsa bungwe loona za zimbudzi pa 19 Novembala 2001, ndipo United Nations inalivomereza mu 2013 chifukwa anthu ambirimbiri padziko alibe chimbudzi choyenera. Ife mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Mphunzitsi aliyense wa sukulu ya kumudzi amadziwa mzere wa ana pa chimbudzi nthawi ya buleki, ndiponso atsikana amene amajomba masiku ena a mwezi chifukwa palibe pobisala. Sindikuti olemba bukuli ndi oipa mtima. Kungoti analembera anthu amene chimbudzi chawo chili m'nyumba ndipo madzi amangotuluka ukakoka. Tsamba limenelo sindinapite nalo kukalasi.

Timizere tofotokoza masikuwo n'tatifupi kwambiri, ndipo n'zachisoni chifukwa masiku ena ali ndi mbiri yokoma. Tsiku la madonasi, Lachisanu loyamba la Juni, analiyambitsa a Salvation Army ku Chicago mu 1938 pokumbukira amayi amene ankakazingira asilikali madonasi ku France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Bukuli langoti idyani donasi lero. Ife tinagula mandasi. Pa 21 Disembala amakumbukira crossword yoyamba, imene Arthur Wynne, mbadwa ya ku Liverpool, anaitulutsa m'nyuzipepala ya New York World mu 1913, ndipo apa olembawo anachita bwino: anajambula yawo m'maonekedwe a dayamondi monga inalili yoyambayo. Pa 23 Okutobala, 10/23 m'kalembedwe kawo, pali Mole Day, ya 6.02 kuchulukitsa ndi 10 wokwezedwa ku 23, nambala ya Avogadro imene imaliritsa ana a Chemistry, ndipo mnzanga wophunzitsa sayansi anabwereka bukuli tsiku limenelo n'kulibweza patapita sabata. Pa 23 Novembala, 11/23 m'kalembedwe kawo, pali manambala a Fibonacci, 1, 1, 2, 3, iliyonse kuphatikiza ziwiri zam'mbuyo. Amenewa ndi masamba abwino zedi, ndipo akanakhala ambiri sindikanadandaula za groundhog.

Kapangidwe ka bukulo n'kosalimba. Pepala ndi lopyapyala ngati la nyuzipepala, bolopeni imaboola n'kuonekera kuseri, ndiye gwiritsani pensulo, ndipo pofufuta muzinyengerera. Guluu wa pamsana anagonja ndi kutentha kwa Okutobala, masamba a Epulo ndi Meyi anayamba kuyenda okha, mpaka ndinapita nalo kwa wosoka nsapato pamsika kuti alisoke ndi ulusi. Mayankho akumapeto analembedwa timalemba tating'ono toti pa kandulo suwerenga, ndipo amangopereka yankho osaonetsa njira, chimene kwa mphunzitsi ndi tchimo. Palibe chizindikiro chosonyeza kuti funso ili ndi lapafupi, ili ndi lovuta. Lero upeza la mwana wa Sitandade 5, mawa la munthu wa ku yunivesite. Zithunzi zonse n'zakuda ndi zoyera, ndiye pa 17 Julayi, tsiku la ma emoji, tinkhope tonse timaoneka tofanana, wolira ndi woseka osasiyana. Tsiku la 29 Febuluwale mulibe. Masiku oyenda, monga Lachisanu loyamba la Juni lija, anawakhomera pa madeti a chaka chimene bukulo linatuluka, ndiye ukagula lakale ngati ine sagwirizana ndi kalendala yako.

Choipitsitsa chinachitika pa 9 Sepitembala, tsiku la sudoku. Masewerawa anawapanga Howard Garns wa ku America mu 1979, anakulira ku Japan kuyambira 1984 komwe anapatsidwa dzinali, ndipo anafalikira padziko lonse nyuzipepala ya The Times ya ku London itayamba kuwasindikiza mu 2004. Ine ndimadzitama nawo. Usiku umenewo ndinayamba 8 koloko, ndinafufuta katatu, pepala linabooka, mayi a kunyumba anadzuka kudzafunsa ngati ndikulemba mayeso a ana kapena ndikuwerengera ngongole. Cha m'ma 11 ndinagonja n'kutsegula kumapeto. Manambala awiri amene anasindikizidwa pa funsolo anali osemphana ndi a pa yankho. Funsolo linalibe yankho chiyambire. Buku lophunzitsa kusamala likalakwitsa chotero limapweteka kuposa lina lililonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo funso likandikanika sindidziwanso ngati wolakwa ndine kapena wosindikiza. Ndapezamo cholakwika chimodzi chokhacho, koma chikaiko chake chinakhalitsa.

Chimene sindinayembekezere ndi zimene ana anachita nalo pa tchuthi cha Khirisimasi. Atatopa ndi mawu a Chingerezi osawadziwa, anatenga kope lakale n'kuyamba kupanga lawo la Chichewa, ndi masiku awoawo. Tsiku la ngumbi zoyamba. Tsiku la mango ogwa okha. Tsiku limene agogo amabwera ndi nkhuku. Pomwepo anatulukira zinthu za chinenero chawo zimene ine sindinawaphunzitse. Pa uthenga wobisidwa, pamene chilembo chilichonse chimasinthidwa ndi chizindikiro, bukuli limalangiza kuti uyambe wasaka E, chifukwa ndiye wochuluka m'Chingerezi. Iwo anaona msanga kuti m'Chichewa mfumu ndi A, ndiponso kuti liwu lililonse limathera pa A, E, I, O kapena U, moti uthenga wa Chichewa umaululika msanga ngati chinsinsi cha pachitsime. Anakangana tsiku lathunthu ngati kankhodolera ka mu "ng'ombe" kayenera kukhala ndi bokosi lakelake pa crossword. Mtsikana ankati inde, chifukwa ukakachotsa liwulo lasintha kamvekedwe, mnyamata ankati bokosi ndi la zilembo zokha. Anabwera kwa ine, ndinawatumiza kwa aphunzitsi awo a Chichewa. Pa tsiku lobwerera m'mbuyo anasonkhanitsa mawu owerengeka chimodzimodzi mbali zonse, "ana", "aka", "uku", "ili", "umu", ndipo mayi awo anawakumbutsa kuti ife tili ana tinkatembenuza mawu kuti akuluakulu asamve, "nsima" n'kukhala "mansi".

Apongozi atabweranso, ana anawapatsa kopelo. Anamvetsera, kenako anati zonsezi si zatsopano. "Ndagi!" Ana anayang'anana, mayi awo ndi amene anayankhira kukhitchini kuti, "Gize!" Nyumba ya amayi yopanda khomo. Mzime wathu anayesa chulu, anayesa dzungu, mlongo wake anayesa manda. Dzira linali m'mbale patsogolo pawo. Ndinachita manyazi pang'ono kuti ana anga amadziwa dzina la groundhog wa ku Pennsylvania koma ndagi ya dzira sanaimvepo.

Ndiye mugule kapena ayi? Ngati ndinu mphunzitsi, makamaka wa masamu, ndipo mwalipeza pa mtengo wa kaunjika, tengani musazengereze. Mafunso a mfundo aja alipo pafupifupi zana, okwanira Lachisanu lililonse kwa zaka ziwiri, ndipo amamasulirika m'Chichewa osataya kanthu. Ngati ndinu kholo la mwana wa sekondale amene foni yamumeza, lingathandize, koma mukhale naye pansi, chifukwa yekha adzafika pa baseball n'kulisiya. Kwa mwana wa pulayimale Chingerezi chake n'cholemera. Achibale amene muli ku America kapena ku Britain ndipo mukuganiza zotumiza ngati mphatso, kuli bwino musake buku la mafunso a mfundo okhaokha, kapena lotuluka ku Britain kuti kalembedwe kagwirizane ndi ka kusukulu. Latsopano pa mtengo wa m'sitolo zikuluzikulu za m'tauni sindingagule. Pogula lakale vundukulani masamba muone pamene mwini wake analekezera, ndipo ngati analemba ndi bolopeni lisiyeni. Onaninso kuti masamba a mayankho alipo, chifukwa ndi amene amayamba kuthothoka.

Masamba a mwini wake woyamba aja tinawafika pomaliza, popeza bukuli ndinaligula kumapeto kwa Febuluwale ndipo tinazungulira nalo chaka. Mzime wathu ndi amene anagwira ntchito yofufuta, tsamba limodzi madzulo alionse, ndi dzanja lake lamanzere. Pa 17 Febuluwale ndi tsiku lochitira ena zabwino mosayembekezera, ndipo funso lake ndi crossword yaing'ono. Zilembo zinayi zija zinali KIND. Tisanafufute tinayesa kupitiriza pamene iye analekera, koma mawu otsika onse ankakana kulowa. Mtsikana wanga anayang'anitsitsa, anatenga labala, n'kulemba NICE. Ena onse analowa okha.